Malizani LA: mmene tizilombo ta malungo timasiyira kumva mankhwala

Akuluakulu ambiri akuikumbukira chloroquine, mapiritsi owawa aja amene ena ankati akamwa thupi lonse kuyabwa. Kwa zaka zambiri ndiwo anali mankhwala a malungo m'dziko muno. Kenako anayamba kulephera: mwana amwa, thupi lizizirako, sabata isanathe malungo abwereranso. Mu 1993 Malawi anasiya chloroquine n'kuyamba Fansidar, ndipo linali dziko loyamba mu Africa kutero. Fansidar nayenso anafooka. Mu 2007 tinayamba LA amene tikumwa lero.

Sikuti mapiritsiwo anasukuluka ayi. Chimene chinasintha ndi tizilombo.

M'magazi a munthu wodwala malungo mumakhala tizilombo tankhaninkhani, ndipo si tonse tofanana. Pamene tikuswana, mwa apo ndi apo kamabadwa kena kosiyana pang'ono ndi tinzake, mwamwayi chabe. Nthawi zambiri kusiyanako kulibe ntchito. Koma nthawi zina kumathandiza kachilomboko kupirira mankhwala. Ndiye munthu akamwa mankhwala osakwanira, tofooka timafa, tolimba n'kutsala. Udzudzu ukamuluma umatenga totsalato n'kukatisiya mwa mnzake. Mlimi amasunga chisononkho chonenepa kuti chikhale mbewu ya chaka chamawa. Wosiyira LA panjira akuchita chimodzimodzi, akusankhira mudzi wonse mbewu ya tizilombo touma mutu. Mfundo imeneyi, yoti zamoyo zimene zapulumuka n'kuswana ndizo zimachuluka m'mibadwo yotsatira, anaifotokoza katswiri wa sayansi ya zamoyo Charles Darwin mu 1859.

Chochititsa chidwi n'chakuti dziko lathu linaonetsanso mbali ina ya nkhaniyi. Ku Blantyre, mu 1992, pafupifupi 85 mwa odwala 100 alionse amene magazi awo anaunikidwa anali ndi tizilombo ta mtundu wosamva chloroquine. Pofika 2000 anatsala 13. Tizilombo tosamvato tinkapambana pokhapokha chloroquine ali m'magazi. Atachotsedwa, tinzake tinatiposa pa kuswana. Izi sizikutanthauza kuti mukagule chloroquine. Tikabwerera kwa iye mwachisawawa, tosamva tija tidzachulukanso. Ndipo LA naye si wamuyaya: ku Rwanda ndi ku Uganda kwapezeka kale tizilombo tochedwa kufa ndi mankhwala a mtundu wa artemisinin, amene ndi mbali imodzi ya LA.

Malo amene mukukhala nawonso ali ndi gawo. Kachilombo ka malungo kamafunika masiku khumi kapena kuposerapo kali m'thupi la udzudzu kuti kakhwime, ndipo kukazizira kamachedwa kwambiri, mwina udzudzuwo n'kufa kasanakhwime. N'chifukwa chake kumtunda, monga pa boma la Dedza kapena ku Tsangano, malungo sachuluka ngati ku Mtakataka, ku Golomoti ndi m'chigwa cha Bwanje. Komatu anthu akumtunda musadzitame. Thupi lomwe silikumana ndi malungo kawirikawiri silikhala ndi chitetezo chokwanira, choncho mukatsikira kunyanja kukaoda usipa kapena kukagona pamaliro, malungo angakugwireni mwamphamvu kuposa eni dera. Ukonde wa udzudzu uzikhala m'chikwama.

Udzudzu umaswana m'madzi odekha: m'maenje oumbira njerwa, m'mapondo a ng'ombe, m'zithaphwi za m'mbali mwa dimba. Kwirirani maenje mukamaliza kuumba. Nawonso udzudzu ukusintha mwa njira yomwe ija, moti m'madera ambiri sukufanso msanga ndi mankhwala amene ankanyikidwa m'maukonde akale, ndipo n'chifukwa chake kukugawidwa maukonde okhala ndi mankhwala owonjezera. Ena amati, "Nanga ngati udzudzu sukufa, ukondewo ndi wachiyani?" Ukonde wosang'ambika, wopisiridwa bwino pansi pa mphasa, umatchingabe. Umene mwatchingira nazale ya tomato kapena anapiye sutchinga munthu.

Tsono thupi likatentha, yambani mwayezetsa magazi kuchipatala kapena kwa alangizi a zaumoyo. Si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo, ndipo kumwa LA wa pagolosale mongoganizira kumabisa matenda ena monga chibayo.

Akakupezani nawo, LA amamwedwa maulendo 6 pa masiku 3. Mukamwa koyamba, dikirani maola 8 kuti mumwe kachiwiri. Masiku awiri otsatirawo imwani m'mawa ndi madzulo. Wamkulu amamwa mapiritsi 4 ulendo umodzi, onse pamodzi 24, pomwe mwana amapatsidwa molingana ndi sikelo yake. Imwani mutadya chakudya cha mafuta pang'ono, monga phala la nsinjiro kapena mkaka, chifukwa mafuta ndiwo amathandiza mankhwalawa kulowa bwino m'magazi. Mwana akasanza pasanathe mphindi 30 chimwereni, mumwetseninso, ndipo mukauze achipatala kuti akuwonjezereni mapiritsi.

Vuto limakhala pa tsiku lachiwiri. Mutu wasiya, chilakolako cha nsima chabwerera, kumunda kukuitana, ndiye kapaketi kaja kakasomekedwa kudenga kuti "kadzathandize wina". Apo mwalakwira awiri: inuyo simunachire, ndipo winayo adzamwa theka la mankhwala.

Amayi oyembekezera amalandirabe Fansidar kusikelo, koma ameneyo ndi woteteza, si wochiza malungo.

Musadikire kuti kuche ngati mwana akukomoka, akulephera kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, walefuka moti sangakhale tsonga, akupuma movutikira, kapena zikhatho zake zayera. Ameneyo mapiritsi sangamuthandize, akufunika jakisoni kuchipatala. Chimodzimodzinso ngati LA watha koma thupi likutenthabe: bwererani mukayezetsenso, ndipo mutenge buku lanu la kuchipatala kuti aone zimene munamwa ndi tsiku limene munayamba.