Chifukwa chake mowa wa pampopi ku Utah sudutsa 5 peresenti

Pa 7 Epulo chaka chilichonse, anthu a ku America amakumbukira tsiku limene mowa unayambanso kugulitsidwa mu 1933. Ku Utah, limodzi mwa maboma 50 amene amapanga dzikolo, lamulo la chaka chimenecho lidakali ndi mano. Mowa wa pampopi, wochokera mumgolo, suloledwa kudutsa 5 peresenti ukali wake. Woposa pamenepo lamulo limautcha heavy beer, ndipo mubala amaugulitsa wa m'botolo kapena wa m'chitini basi. Munthu wamba wopanda chiphaso saloledwanso kugula kapena kusunga mowa m'chotengera choposa malita awiri, kutanthauza kuti mgolo wa paphwando la kunyumba ndi mlandu.

Gwero la zonsezi ndi mwezi wa Malichi 1933. Dziko linali pa umphawi wadzaoneni, boma likusowa msonkho, koma gawo la 18 la zosintha pa malamulo aakulu a dzikolo linkaletsa zakumwa zoledzeretsa kuyambira mu 1920. Kulichotsa kunkafuna chilolezo cha maboma 36 mwa 48, ntchito ya miyezi yambiri. Aphungu anapeza njira yachidule: anagwirizana kuti mowa wa 3.2 peresenti, poyeza kulemera, suledzeretsa. Pulezidenti Franklin Roosevelt anasaina lamulolo, la Cullen-Harrison, pa 22 Malichi. Ena amaifotokoza nambalayi ngati muyeso wa akatswiri a zaumoyo, koma amene amati inali mgwirizano wa andale akumveka kwambiri, chifukwa aphunguwo ankasaka ukali woti makhoti asaukane, komanso woti anthu augule. Poyeza kuchuluka, monga amalembera pabotolo masiku ano, 3.2 imeneyi ndi pafupifupi 4 peresenti.

Pa 5 Disembala chaka chomwecho, Utah ndiye anakhala boma la 36 lovomereza kuthetsa chiletsocho, ngakhale Heber J. Grant, mtsogoleri wa mpingo wa Latter-day Saints, womwe likulu lake lili ku Utah, anachonderera anthu ake kuti asatero. Mphamvu yoyendetsa za mowa inabwerera m'manja mwa boma lililonse, ndipo Utah anaigwiritsitsa 3.2 ija kwa zaka zoposa 80.

Chimene chinaigwedeza ndi msika. Boma la Oklahoma litausiya mowa wofookawu mu 2018, Colorado ndi Kansas n'kutsatira mu 2019, makampani akuluakulu anayamba kuchepetsa mitundu imene ankafulula. Senata Jerry Stevenson wa nyumba ya malamulo ya Utah anabweretsa bilu yofuna 4.8 peresenti poyeza kulemera. Mpingo uja unakana. Mbali ziwirizi zinakumana pa 4 peresenti, yomwe ndi 5 poyeza kuchuluka, ndipo lamulo latsopano, lokhudza mowa wa m'masitolo ndi wa pampopi womwe, linayamba kugwira ntchito pa 1 Novembala 2019.

Oikira kumbuyo malirewa amati mowa wa pampopi umamwedwa msanga komanso wambiri, ndipo nkhawa yawo ya ngozi za pamsewu ndi yoona. Koma masitolo akuluakulu ndiwo anapindula ndi kusinthaku, pomwe wofulula wamng'ono wa ku Salt Lake City, likulu la Utah, anatsalabe womangidwa ndi malire a pampopi. Akafulula mowa wa 7 peresenti, ayenera kugula zitini, kuuthiramo, kenaka n'kuutsegulira kasitomala amene wakhala moyang'anizana ndi mpopi, m'nyumba yomweyo imene mowawo waphikidwira.