Odwala khansa ndi kafukufuku wa mankhwala atsopano: mafunso ndi mayankho

M'mabanja athu a kuno ku Harare, ku Mbare, Mufakose, Mabvuku ndi Epworth, dokotala akangonena kuti mankhwala omwe alipo asiya kugwira, wachibale wina amafunsa ndithu: "Nanga zija za kafukufuku, sitingayeseko?" Kawirikawiri amakhala atamva kwa m'bale wa ku Joni kapena ku London. Funsoli n'labwino, ndipo likufunika yankho losabisa mawu.

Kodi kafukufuku wa gawo loyamba n'chiyani?

Mankhwala atsopano amayesedwa m'magawo atatu asanaloledwe kugulitsidwa. Gawo loyamba, lomwe pa mapepala limalembedwa Phase 1, ndi pamene aperekedwa kwa anthu koyamba atachoka mu labu ndi pa nyama. Olowa amakhala ochepa, kawirikawiri 20 mpaka 80. Cholinga chake chachikulu ndi kupeza mlingo womwe thupi lingapirire. Za kuchiza zimafufuzidwa bwino m'gawo lachiwiri ndi lachitatu. Pa matenda ambiri gawo loyamba limayesedwa pa anthu athanzi, koma mankhwala a khansa ndi aukali, ndiye amaperekedwa kwa odwala eniake, makamaka amene njira zodziwika zawathera.

Mlingowo amaupeza bwanji?

Njira yakale yomwe ikugwirabe ntchito imatchedwa 3+3. Odwala atatu amalandira mlingo wochepa, n'kuyang'aniridwa masiku 21 kapena 28. Ngati palibe amene wapwetekedwa kwambiri, atatu otsatira amalandira mlingo wokulirapo. Mmodzi akadwala kwambiri chifukwa cha mankhwalawo, amawonjezera anthu ena atatu pa mlingo womwewo. Akakwana awiri, amaima ndi kubwerera pa mlingo wa m'munsi.

Tanthauzo lake kwa inu n'lakuti olowa moyambirira angalandire mlingo wochepa woti sungakhudze chotupa, pomwe olowa kumapeto angakumane ndi mlingo wopweteka. Choncho funsani: "Ine ndikulowa pa mlingo wachingati, ndipo amene analowa ine ndisanabwere zawayendera bwanji?" Chomwe simuyenera kuda nacho nkhawa kwambiri ndi mapiritsi opanda mankhwala aja otchedwa placebo, chifukwa m'gawo loyamba la khansa sagwiritsidwa ntchito kawirikawiri.

Ngati cholinga si kuchiza, n'chifukwa chiyani anthu amalowabe, osatulukamo?

Chifukwa choyamba ndi chiyembekezo, ndipo sichiyenera kunyozedwa. Munthu amene wauzidwa kuti palibenso china amaona kafukufuku ngati khomo lokhalo lotseguka. Nthawi zina khomolo limatsegukadi. Mu 1998 anayamba kuyesa mankhwala otchedwa imatinib pa odwala khansa ya m'magazi yotchedwa CML, ndipo mwa anthu 54 amene analandira mlingo wa 300 mg kapena kuposerapo, 53 magazi awo anabwerera mwakale. Mankhwalawa analoledwa mu 2001 ndipo lero akumwedwa padziko lonse. Nkhani ngati imeneyi ndi yoona, koma sichitika kawirikawiri.

Chachiwiri ndi chisamaliro. Wodwala wa m'kafukufuku amaonedwa sabata ndi sabata, amakhala ndi nesi womudziwa dzina ndi nambala yoimba usiku, ndipo magazi ndi sikani zofunika pa kafukufukuyo salipira. Kwa banja lomwe lagulitsa katundu kuti lilipire sikani imodzi, zimenezi n'zazikulu. Apa ndi pomwe tiyenera kusamala, chifukwa umphawi ungachititse munthu kuvomera zomwe akanakana akanakhala ndi ndalama.

Chachitatu, ambiri amanena okha kuti akufuna kuti matenda awo aphunzitse madokotala kanthu kothandiza ana ndi adzukulu. Palinso ena amene amapitiriza poopa kukhumudwitsa dokotala amene wawasamalira bwino, kapena ana amene akuwalimbikitsa kuti "amayi musafooke". Chifukwa chomalizachi n'chomwe chimatidetsa nkhawa. Mwini thupi ndiye ayenera kunena, ndipo ndi bwino kumufunsa ali yekha, achibale atatuluka panja.

Mwayi woti mankhwala agwire ndi wochuluka bwanji?

Akawerengera pamodzi kafukufuku wambiri wa gawo loyamba wa ku United States, amapeza kuti zotupa zimachepa mwa munthu mmodzi kapena awiri pa anthu 10 alionse, ndipo omwalira chifukwa cha mankhwala oyesedwawo sakwana mmodzi pa 100. Mawu oti "agwira" amafunika kuwamvetsa. Kwa ofufuza amatanthauza kuti zotupa zomwe akuyeza zachepa ndi 30 peresenti kapena kuposerapo pa sikani. Zimenezi zingatenge miyezi yochepa chabe khansa n'kuyambanso kukula. Zikakula ndi 20 peresenti, kapena pakatuluka chotupa chatsopano, wodwala amasiyitsidwa mankhwalawo.

Amatenga aliyense?

Ayi, ndipo ambiri amabwezedwa. Amafuna munthu amene akuyendabe yekha ndi kudzisamalira, osati wogona tsiku lonse. Chiwindi, impso ndi mtima ziyenera kukhala zikugwira bwino, magazi asakhale ochepa kwambiri. Pamafunikanso kuti padutse masabata angapo, kawirikawiri atatu kapena anayi, chilandirireni komaliza mankhwala a khansa otchedwa kemo. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa salowa, ndipo amuna ndi akazi omwe amauzidwa kugwiritsa ntchito njira zakulera nthawi yonseyo.

Kukhala ndi HIV masiku ano sikutsekereza munthu nthawi zonse, bola akumwa ma ARV mokhulupirika, ngakhale ena monga ritonavir amasemphana ndi mankhwala a khansa. Za zitsamba nenani zoona. Ngati mukumwa zomwe mwapatsidwa ndi asing'anga kapena zogula ku Mbare Musika, muuzeni nesi, chifukwa zina zimalemetsa chiwindi, ndipo magazi akaipa ofufuza adzaganiza kuti alakwa ndi mankhwala awo.

Masiku ake amayenda bwanji?

Mwezi woyamba ndi wolemetsa. Tsiku lolandira mankhwala koyamba mungafike m'mawa musanadye, akuikeni kachubu pamkono, n'kumatenga magazi pang'onopang'ono: musanalandire, patatha ola limodzi, maola awiri, anayi, asanu ndi atatu, ndiye mawa lake mubwerenso. Amafuna kuona momwe mankhwala akulowera ndi kutuluka m'thupi. Pamakhalanso kuyeza mtima, nthawi zina kudula kanyama ka chotupa, ndi sikani pakatha masabata 6 mpaka 8 alionse. Zovuta zomwe zimaoneka kawirikawiri ndi kufooka, nseru, kutsegula m'mimba, zilonda m'kamwa ndi kuchepa kwa asilikali a m'magazi. Thupi likatentha kufika madigiri 38, imbani foni nthawi yomweyo, musadikire kuti kuche. Werengeraninso maulendo a kombi ndi munthu wokuperekezani, ndipo funsani ngati ya thiransipoti imabwezedwa.

Kuno ku Harare malamulo ake ndi otani?

Kafukufuku wa mankhwala sangayambe mu Zimbabwe popanda chilolezo cha bungwe loyang'anira mankhwala la Medicines Control Authority of Zimbabwe ndi cha Medical Research Council of Zimbabwe, yomwe imateteza ufulu wa olowa. Fomu yovomereza iyenera kusonyeza momwe mungawapezere ngati muli ndi dandaulo. Kafukufuku wa khansa wa gawo loyamba ndi wosowa kuno. Wochitika kwambiri ndi wa magawo apatsogolo, monga uja wa khansa ya Kaposi yemwe Harare, Lilongwe ndi Blantyre analowamo, amene anasonyeza mu 2020 kuti mankhwala otchedwa paclitaxel amaposa njira zina ziwiri za mankhwala zomwe ankayerekezedwa nazo. Poyambira kufunsa ndi kwa dokotala wanu wa khansa ku chipatala cha Parirenyatwa, kapena ku Cancer Association of Zimbabwe. Wina akakuuzani kuti mulipire ndalama kuti mulowe "kafukufuku", chokanipo, chifukwa weniweni salipiritsa polowa.

Mafomu amalembedwa kawirikawiri m'Chingerezi, Chishona ndi Chindebele. Ngati agogo amamva bwino Chichewa, pemphani womasulira. Wosadziwa kuwerenga amawerengeredwa pamaso pa mboni yomwe si ya gulu la ofufuza, kenako n'kudinda chala. Tengani fomuyo kunyumba, mugone nayo, musasaine tsiku lomwelo.

Nditasaina, ndingatuluke?

Inde, tsiku lililonse, popanda kupereka chifukwa, ndipo chithandizo chanu cha nthawi zonse sichichotsedwa. Koma musangosowa. Uzani ofufuza kuti akuyezeni komaliza, poti mankhwala ena amapitiriza kupweteka thupi masabata angapo mutasiya. Musanalowe funsaninso kuti mukavulala ndi mankhwalawo adzalipira chipatala ndani, komanso ngati mudzapitiriza kuwalandira kafukufuku akatha, atakhala kuti akukuthandizani.

Chithandizo chochepetsa ululu musachisungire tsiku lotuluka. Morphine, mankhwala a nseru ndi uphungu wa banja zimayendera limodzi ndi kafukufuku, ndipo Island Hospice, yomwe inayamba kuno ku Harare mu 1979, imathandiza odwala ali kunyumba kwawo. Pemphani dokotala akulembereni kalata yopita kumeneko sabata yomweyo imene mukusaina fomu.