Moto wa pa kompyuta ndi mmene anthu amathawira

Pa 24 Marichi 1999 lole yonyamula ufa ndi majarini inayaka mkati mwa msewu woboola phiri la Mont Blanc, pakati pa France ndi Italy. Anthu 39 anamwalira, ndipo ambiri anapezeka ali m'galimoto zawo. Sanathamange balalabalala ayi. Anadikira.

Kudikirako ndi kumene kumatisowetsa tulo ife okonza chitetezo cha nyumba ndi misewu. Belu la moto likalira, munthu amayamba wayang'ana kaye anzake. Akawaona ali phee, nayenso amakhala. Mu 1968 ofufuza awiri, Latané ndi Darley, analowetsa utsi m'chipinda momwe munali anthu akulemba mafomu. Mwa amene anali okhaokha, atatu mwa anayi anapita kukanena. Koma pamene munali anthu ena awiri ouzidwa kuti asalabade, mmodzi yekha mwa khumi ndi amene anadzuka.

Sitingayatse moto weniweni kuti tione zomwe anthu angachite. Apa ndi pomwe virtual reality ikutithandiza. Munthu amavala chipangizo kumaso, kapena amalowa m'chipinda chomwe makoma ake onse akuonetsa zithunzi, n'kudzipeza ali mumsewu wodzaza utsi. Ofufuza amasintha chinthu chimodzi chokha, zina zonse n'kuzisiya momwemo, kenaka amayesa munthu wina. Ku yunivesite ya Würzburg, m'dziko la Germany, Max Kinateder ndi anzake anaika anthu opangidwa ndi kompyuta mumsewu wotere, ndipo anaona kuti njira imene anthu opangidwawo atenga imakopa ya munthu weniweni. Ku Lund, m'dziko la Sweden, ofufuza anayesa pa kompyuta magetsi othwanima pa zitseko zothawira za msewu wapansi womwe unkakonzedwa kuti udutse m'mbali mwa mzinda wa Stockholm: obiriwira ndi oyera anathandiza kuposa abuluu.

Ine zotsatira zotere ndimazikhulupirira poyerekeza zinthu ziwiri, chikwangwani ichi ndi icho, uthenga wa mawu ndi belu chabe. Zimapulumutsa miyoyo konkire isanathiridwe. Koma wina akandibweretsera mphindi zomwe anthu anatenga kuti atuluke mu kompyuta, n'kufuna tizigwiritse ntchito powerengera kukula kwa masitepe, ndimakana. Utsi wa pa kompyuta sutsamwitsa, suwawa m'maso, ndipo palibe kutentha. Woyesedwayo amadziwa kuti akavula chipangizocho apita kwawo. Ambiri oyesedwa amakhalanso ophunzira achinyamata, osati agogo oyenda ndi ndodo kapena mayi wobereka mwana kumsana. Liwiro la anthu amenewa tiziliyeza ndi miyendo yawo yeniyeni, pa masitepe enieni.