Mphaka wosaka ndi mwana wokwawa: choopsa chili mumchenga

Mphaka akangosiya khoswe wakufa pakhonde, makolo a mwana wokwawa amathamangira kumumanga belu m'khosi, ena kukamutaya kutali. Zonsezi sizithandiza mwanayo. Khosweyo mutoleni ndi jumbo, mumukwirire, musambe m'manja, basi. Choopsa ndi chimbudzi chimene mphaka amafotsera mumchenga womwewo umene mwana amatapa n'kuika m'kamwa.

Mphaka wodya makoswe ndi mbalame amatengako njoka za m'mimba komanso tizilombo ta Toxoplasma. Tizilomboti timatuluka m'chimbudzi chake kwa sabata 1 mpaka 3, koma timafuna tsiku 1 mpaka 5 kuti tikhwime n'kuyamba kupatsira munthu. Ndiye chimbudzi chochotsedwa tsiku lomwelo sichipatsira matendawa, pamene chogonera pabwalo ndicho chimadwalitsa. Muikireni mphakayo beseni la mchenga m'nyumba pamalo amene mwana safika, muzichotsamo chimbudzi tsiku lililonse. Ntchitoyi asagwire mayi woyembekezera. Mulu wa mchenga wosewerera ana muziuvundikira.

Pofuna kuti mphaka achepetse kusaka, musamutsekere m'nyumba usana ndi usiku mwadzidzidzi, adzalira ndi kukodza pamipando mpaka mudzamutsekulira nokha. Yambani ndi nthawi imene amasaka kwambiri, chisisira ndi mbandakucha. Muzimupatsa chakudya chachikulu dzuwa lisanalowe, akalowa mutseke mpaka kutayera. Kafukufuku wa yunivesite ya Exeter ku England, wa 2021, anapeza kuti chakudya cha nyama yambiri chinachepetsa zimene amphaka amabweretsa kunyumba ndi 36 peresenti, ndipo kusewera nawo ndi nthenga yomangidwa kuchingwe mphindi 5 mpaka 10 patsiku kunachepetsa ndi 25 peresenti. Belu silinasinthe kanthu. Nsima yotsala sikhutitsa mphaka.

Mphaka wosaka amwe mankhwala a njoka mwezi uliwonse, ndipo abayidwe katemera wa chiwewe kuyambira ali ndi miyezi 3, kenako chaka ndi chaka.

Chimene chimapweteka mtima n'chakuti amphaka ambiri amaphedwa ndi eni ake omwe akuyesa kuteteza mwana. Munthu agula mankhwala a nthata a agalu kwa wogulitsa pamsika, adontheza pamsana pa mphaka, pofika madzulo mphaka akunjenjemera, dovu kukamwa. Mankhwala a nthata okhala ndi permethrin amapha mphaka. Panado nayenso, ngakhale kachidutswa. Wina akatsekera mphaka amaika temiki kuseri kwa kabati kuti aphe makoswe, pansi pomwe mwana amakwawa. Tcherani msampha. Za mankhwala funsani alangizi a ziweto, osati wogulitsa.

Mphaka akaluma kapena kukanda mwana, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Musathire mchere, musapake zitsamba, musadikire kuti muone ngati litupe. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro palibenso mankhwala.