Mauna Loa: phiri lophulika limene dziko limayezerapo mpweya wake

Chaka chilichonse mwezi wa Meyi ukamatha, atolankhani a nkhani za sayansi amatulutsa nambala imodzi, yonena za kuchuluka mumlengalenga kwa carbon dioxide, mpweya umene umatuluka zinthu zikamayaka ndipo umagwira kutentha padziko. Pa 9 Meyi 2013 nambalayo inadumpha 400 kwa nthawi yoyamba, ndipo mu Meyi 2025 inapitirira 430. Tanthauzo lake ndi lakuti mukatenga mpweya wouma n'kuugawa tizigawo 1 miliyoni, tizigawo 430 ndi carbon dioxide. Mwachidule amati 430 ppm.

Nambalayi ikangotuluka, mkangano umabukanso. Sipalephera kupezeka wina wokumbutsa anzake kuti makina oyezerawo ali pa Mauna Loa, pachilumba chachikulu cha Hawaii, ndipo Mauna Loa ndi phiri lophulika. Nanga tidziwa bwanji kuti mpweya akuyezawo sukufuka m'phiri momwemo? Funsoli ndi lanzeru, ndipo wolifunsa sayenera kusekedwa. Koma Charles David Keeling, wasayansi amene anayambitsa kuyeza paphiripo mu 1958, analifunsa kale, otsutsa ake ambiri asanabadwe, ndipo anatha moyo wake wonse akuliyankha.

Nkhaniyi inayamba kale, Mauna Loa asanalowemo n'komwe. Mu 1896 wasayansi wa ku Sweden, Svante Arrhenius, anawerengetsa pamanja kuti carbon dioxide atachuluka kawiri mumlengalenga, dziko lingatenthe ndi madigiri 5 kapena 6. Patapita zaka zinayi mnzake wa ku Sweden komweko, Knut Ångström, anatsutsa. Iye anati mpweya umene ulipo kale ukugwira kutentha konse kumene ungathe kugwira, choncho kuwonjezerapo sikungasinthe kanthu. Ambiri anamvera Ångström ndipo nkhani inagona. Mu 1938 Guy Stewart Callendar, injiniya wa ku Britain wodziwa za makina oyendera nthunzi, anasonkhanitsa zolembedwa za malo 147 oyezera nyengo n'kuonetsa kuti dziko layamba kutentha, ndipo anati chifukwa chake ndi malasha ndi mafuta amene anthu akuwotcha. Akuluakulu a zanyengo sanatekeseke. Ankati nyanja zamchere n'zazikulu, zimeza mpweya wonse umene mafakitale angatulutse.

Kunena zoona, okayikira a nthawi imeneyo anali ndi poimira. Panalibe amene ankadziwa bwinobwino kuti mumlengalenga muli carbon dioxide wochuluka bwanji. M'zaka za m'ma 1950 ofufuza a ku Scandinavia ankayeza m'malo osiyanasiyana, koma nambala zawo zinkalumphalumpha kwambiri, lero m'mwamba mawa pansi, moti ambiri anafika pokhulupirira kuti mpweyawu umangosintha ndi mphepo ndipo ulibe mlingo umodzi woti n'kuutsatira. Chinthu chimene sungathe kuchiyeza, unganene bwanji kuti chikukwera?

Charles David Keeling, wobadwa mu 1928, anali katswiri wa chemistry wongomaliza kumene maphunziro pamene anafika ku yunivesite ya Caltech, mumzinda wa Pasadena ku California. Poyamba sankafuna za kusintha kwa nyengo ayi. Ankafufuza mmene carbon amayendera pakati pa madzi, miyala ya laimu ndi mpweya, ndipo kuti atero anafunika kudziwa mlingo wa carbon dioxide mumpweya. Makina olondola mokwanira kunalibe, ndiye anapanga ake. Mpweya wa ku Pasadena unali wodzaza utsi wa magalimoto ndi mafakitale, choncho mu 1955 ananyamula mabotolo agalasi a malita 5 opopedwa mpweya wonse, n'kukamanga msasa ku Big Sur, m'mphepete mwa nyanja ya Pacific. Kumeneko ankatsegula botolo limodzi pakapita maola ochepa alionse, usana ndi usiku. Ntchito yotapa mpweya chonchi imafuna kusamala kodabwitsa. Munthu amayang'ana kumene mphepo ikuchokera, amagwira mpweya wake osapuma, amayenda pang'ono kutsogolo, kenako n'kutsegula botolo, chifukwa mpweya wa m'kamwa mwake wokha ungawononge zonse.

Zimene anapeza zinali ziwiri. Usiku carbon dioxide ankakwera, popeza mitengo ndi nthaka zimapuma. Koma masana, dzuwa likatenthetsa pansi ndipo mpweya wapansi ukasakanikirana ndi wam'mwamba, nambala inkabwerera pamodzimodzi, pafupifupi 310. Anapita kunkhalango zamvula za ku Washington, anakwera mapiri a ku Arizona, masana nambala inali yomweyo. Apa m'pamene panagona nkhani yonse. Kulumphalumpha kuja sikunali khalidwe la mpweya wa dziko. Kunkachokera ku mayezedwe osalondola ndi malo oyandikana ndi zomera kapena utsi. Mlengalenga unali ndi mlingo wake umodzi, ndipo munthu woleza mtima akanatha kuupeza.

Anthu awiri anamva za mnyamatayu. Wina anali Harry Wexler, mkulu wa zofufuza ku nthambi ya zanyengo ya boma la America, imene inali itangomanga kanyumba koyezera nyengo pa Mauna Loa mu 1956. Wina anali Roger Revelle, mkulu wa Scripps Institution of Oceanography, bungwe lofufuza za nyanja la ku La Jolla ku California. Revelle, pamodzi ndi wasayansi mnzake Hans Suess, anali atayamba kuona kuti nyanja sizimeza carbon dioxide mofulumira monga ankaganizira akale, ndipo mu 1957 awiriwa analemba kuti powotcha malasha ndi mafuta anthu akuchita kafukufuku wamkulu pa dziko lenilenilo, wa mtundu umene sunachitikepo ndipo sungabwerezedwe. Ndalama zinapezeka chifukwa cha chaka chimene mayiko ambiri anagwirizana zofufuza dziko lapansi pamodzi, kuyambira mu 1957 mpaka 1958. Keeling anasamukira ku Scripps.

Ngakhale pakati pa iwo okha panali kusiyana maganizo. Revelle ankafuna kuti atape mpweya m'malo ambiri, pandege ndi pasitima zapamadzi, apeze nambala imodzi ya dziko lonse, ndipo patapita zaka ngati 20 adzayezenso. Keeling anaumirira makina odula, oyeza mosalekeza pamalo amodzi, olondola mpaka kachigawo kakhumi ka ppm imodzi. Kwa ena uku kunali kuwononga ndalama. Ine ndimaona kuti kuuma mutu kumeneku n'kumene kunapulumutsa zaka makumi awiri.

Chifukwa chosankhira Mauna Loa chimaoneka munthu akaganizira malowo. Kanyumbako kali pamtunda wa mamita pafupifupi 3,400, pakati pa nyanja ya Pacific, kutali ndi mizinda ikuluikulu ndi mafakitale. Pozungulira ponse ndi miyala yakuda ya chiphalaphala chouma, popanda mtengo kapena udzu woti n'kusokoneza mpweya. Mitambo ndi mpweya wa m'midzi ya m'munsi nthawi zambiri zimatsalira pansi, ndipo usiku mphepo imatsetsereka kuchokera kumwamba, itanyamula mpweya umene wayenda mtunda wautali pamwamba pa nyanja n'kusakanikirana bwino.

Makina anayamba kugwira ntchito kumapeto kwa Malichi 1958, ndipo tsiku loyamba anawerenga 313. Keeling anasangalala, chifukwa zinagwirizana ndi mabotolo ake aja. Koma mu Epulo nambala inakwera, mu Meyi inakweranso. Kenako magetsi anayamba kuvuta paphiripo, ndipo makina atayakanso, nambala inali itatsika. Iye anada nkhawa kuti mwina makina ake nawonso ndi osadalirika. Chakumapeto kwa chaka nambala inayambanso kukwera, ndipo chaka chachiwiri chitabwereza zomwezo, chinsinsi chinaululika. Mtunda waukulu wa dziko lapansi, pamodzi ndi nkhalango zake zambiri, uli kumpoto. Kumeneko zomera zikaphukira zimakoka carbon dioxide, ndipo nambala imatsika kuyambira mu Meyi mpaka cha mu Sepitembala kapena Okutobala. Masamba akayoyoka n'kuyamba kuwola, mpweya uja umabwerera. Kusiyana kwake ndi ppm pafupifupi 6 pachaka. N'chifukwa chake nambalazi zikajambulidwa papepala, mzere wake, wotchedwa mzere wa Keeling, umaoneka ngati mano a sowo, ndipo n'chifukwa chakenso nkhani ija imatuluka Meyi akatha, pamene nambala imafika pachimake.

Pofika mu 1960, atayerekeza ndi zoyeza za ku Antarctica, Keeling anatha kulemba kuti mlingo wa chaka ndi chaka ukukwera, ndipo ukukwera mogwirizana ndi mafuta ndi malasha amene akuwotchedwa. Mu 1965 iye ndi Revelle anali m'gulu la asayansi amene analembera Pulezidenti wa America, Lyndon Johnson, lipoti lochenjeza za nkhaniyi. Choncho amene amati nkhawa ya kusintha kwa nyengo ndi fashoni ya dzulodzuloli sanaione mbiri yake.

Tibwerere ku funso la phiri lija. Ming'alu ya pamwamba pa Mauna Loa imatulutsadi carbon dioxide, ndipo nthawi zina usiku mphepo imaufikitsa pamakina. Ukafika sungabisale. Mpweya wosakanikirana bwino umalemba mzere wosalala kwa maola ambiri, pamene wa m'phiri umadumphitsa nambala mwadzidzidzi, kukwera ndi kutsika m'mphindi zochepa. Maola oterowo amachotsedwa powerengetsa, monganso amachotsera masana amene mphepo yakwera kuchokera kunkhalango za m'munsi itachepa carbon dioxide. Makinawo amayesedwa pafupipafupi ndi mpweya wa m'masilinda umene mlingo wake ukudziwika kale. Kuyambira mu 1974 bungwe la boma la America loona za nyanja ndi mlengalenga la NOAA linaika makina akeake pamalo omwewo, osadalira a Scripps, ndipo nambala za magulu awiriwa zimayendera limodzi. Kuwonjezera apo, ku South Pole, ku Utqiaġvik ku Alaska, ku American Samoa, ku Cape Grim ku Tasmania ndi ku Cape Point ku South Africa, konseku mzere ukukwera chimodzimodzi. Mapiri onse ophulika a padziko amatulutsa carbon dioxide wosafika matani 1 biliyoni pachaka, pamene malasha, mafuta ndi gasi zimene anthu amawotcha zimatulutsa matani oposa 35 biliyoni.

Pali umboni wina umene ine umandigwira mtima kuposa wonsewu. Mwana wa Keeling, Ralph, anapeza njira yoyezera oxygen mumlengalenga molondola kwambiri, ndipo anaona kuti akuchepa pang'onopang'ono chaka ndi chaka. Palibe choopsa pa kupuma kwathu, oxygen ndi wochuluka zedi. Koma kuchepako kukuloza gwero. Moto umadya oxygen kuti upange carbon dioxide, pamene phiri limangotulutsa mpweya wake osadya oxygen. Carbon wa m'malasha ndi mafuta alinso ndi chizindikiro chake, popeza anachokera ku zomera zakalekale ndipo alibe carbon-14, mtundu wa carbon umene umatha pakapita nthawi yaitali, ndipo chizindikirocho chikuoneka mumlengalenga. Tithovu ta mpweya totsekeredwa m'madzi oundana a ku Antarctica timasonyeza kuti mafakitale asanayambe mlingo unali pafupifupi 280, ndipo kwa zaka 800,000 sunapitirire kwenikweni 300. M'zaka za m'ma 1960 unkakwera ndi ppm yosafika imodzi pachaka. Masiku ano ukukwera ndi zoposa ziwiri.

Chimene chinavutitsa Keeling kwambiri sichinali phiri kapena otsutsa, koma osunga thumba la ndalama. Mu 1964 ndalama zitadulidwa, makina anaima, ndipo miyezi ya Febuluwale, Malichi ndi Epulo ya chaka chimenecho ilibe zoyeza za paphiripo mpaka lero. Kambirimbiri mabungwe opereka ndalama ankamuuza kuti zimene akuchita si kafukufuku koma ntchito wamba yobwerezabwereza, aisiye kwa ena, iye apeze chatsopano. Iye ankakana, chifukwa ankadziwa kuti phindu la ntchitoyi lili m'kusadukiza kwake komanso m'kusunga muyeso umodzi kwa zaka zambiri. Ulemu unabwera mochedwa. Analandira mendulo yapamwamba ya sayansi ya dziko la America mu 2002, n'kumwalira mu 2005. Ralph ndiye anapitiriza.

Phiri nalo linadzalankhula. Usiku wa pa 27 Novembala 2022 Mauna Loa anaphulika, koyamba chichokere 1984. Chiphalaphala sichinafike pakanyumba kaja, koma chinadula msewu ndi mawaya a magetsi. Pasanathe milungu yambiri asayansi anali ataika makina ena paphiri loyandikana nalo la Mauna Kea, ndipo nambala za kumeneko zinapitiriza mzere womwe uja. Mu 2023 kuyeza kunayambiranso pa Mauna Loa pogwiritsa ntchito magetsi adzuwa ndi mabatire, ogwira ntchito akumapita pa helikopita.

Mu 2025 boma la America linapereka ku nyumba ya malamulo ndondomeko ya bajeti yofuna kuthetsa nthambi ya kafukufuku ya NOAA, imene imayendetsa malo a pa Mauna Loa. Ena anati palibe vuto, mayiko ena ali ndi malo awo oyezera. N'zoona alipo, koma maganizo amenewa akuiwala chinthu chimodzi chachikulu. Labotale ya NOAA ya ku Boulder, ku Colorado, imene ili pansi pa nthambi yomweyo, ndiyo imasunga muyeso wa carbon dioxide m'malo mwa bungwe la zanyengo la dziko lonse la WMO, udindo umene unali m'manja mwa Keeling ku Scripps mpaka mu 1995. Malo oyezera a m'mayiko ambiri amayesa makina awo ndi masilinda oyezedwa ku Boulder, ndipo n'chifukwa chake nambala ya ku Tasmania ingaikidwe pambali pa ya ku Alaska popanda kukayika. Kudula ndalama kumeneko kungakhudze malo onsewa nthawi imodzi, kuphatikizapo a mayiko amene alibe mawu alionse pa bajeti ya America.