Chozungulira ndi Chobulungira: Lichero Si Lalanje

Ana athu obadwira ku Mbare, ku Mufakose kapena ku Mabvuku, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, amakula ndi zilankhulo zitatu pakamwa, ndiye akaona chinthu chopanda makona amangoti ndi "round", kaya ndi lichero, kaya ndi lalanje. Chichewa chimazisiyanitsa zinthu ziwirizi, ndipo kusiyanitsako kumapulumutsa ndalama pomanga ndi pogula.

Lichero ndi lozungulira. Mukaika chala m'mphepete mwake n'kumatsata mkomberowo, mubwerera pomwe munayambira osakumana ndi kona. Liwuli likuchokera ku "kuzungulira", choncho limanena za m'mphepete. Mphete, nkhata, chivundikiro cha poto, kamwa la chitsime, zonsezi ndi zozungulira. Lalanje ndi lobulungira: kulikonse kumene mungalitembenuzire m'dzanja, likuoneka chimodzimodzi. Tsinde lake ndi "kubulunga", zija amachita mwana ndi dothi, kapena munthu ndi nsima asanasunse mu msuzi. Chobulungira mutha kuchitcha chozungulira ndipo palibe angakutsutseni, koma lichero simungalitche lobulungira. N'chifukwa chake pophunzitsa mwana za dziko lapansi ndi bwino kunena kuti ndi lobulungira. Mukati lozungulira, m'mutu mwake mutha kubwera mbale yathyathyathya.

Mgolo, paipi ndi thanki zili pakatikati, ndipo timangoti "chozungulira ngati mgolo". Vuto limayambira pamenepa, chifukwa chinthu chotere chili ndi miyezo iwiri imene anthu amaisokoneza: wodutsa pakati ndi wa mkombero. Wa mkombero umapezeka pochulukitsa wodutsa pakati ndi 3.14. Mukapita kwa wowotcherera zitsulo ku msika wa Magaba ku Mbare n'kungonena kuti mukufuna chivundikiro cha chitsime "cha mita imodzi yozungulira", iye atha kupinda chitsulo chotalika mita imodzi, ndipo mulandira chinthu cha masentimita 32 okha podutsa pakati. Muuzeni momveka: mita imodzi kuchoka mbali ino kufika mbali iyo, kudzera pakati.

Pathanki, kusiyana kwa miyezoyi kumakula kwambiri. Thanki la mamita 2 podutsa pakati, lalitali mita 1.5, mumawerengera chonchi: theka la 2 ndi 1, ndiye 1 × 1 × 3.14 × 1.5, zomwe zikupereka makyubiki mita 4.71, kapena kuti malita 4,710. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho pokhazikapo thankilo pafunika kunyamula matani oposa anayi ndi theka. Ambiri sadziwanso kuti mukawirikiza kawiri muyezo wodutsa pakati, madzi olowamo amachuluka kanayi. Zoyikapo mathanki zambiri zimapindika chifukwa cha masamu amenewa.

Polemba mkombero wa khitchini yaudzu kapena wa chitsime, khomani chikhomo pakati, kolekanipo waya wokhala ndi diso lomasuka, ndipo kunsonga inayo mangani msomali wolembera pansi. Chingwe cha nayiloni chimatanuka, ndipo mukachimanga mothina chimadzikulunga pachikhomo n'kumafupika, moti mzere sukumana ndi pomwe unayambira. Mukamaliza, yezani podutsa pakati kawiri, mopingasana. Miyezoyo ikasiyana, mwalemba dzira. Palibe cholakwa ndi dzira ngati ndilo munafuna. Linga lalikulu la miyala la ku Great Zimbabwe, lomwe mkombero wake ndi mamita pafupifupi 250, ndi lotero. Koma pakhitchini, phaso lina litalika kuposa linzake ndipo denga lipendekeka.

M'kalankhulidwe, "kuzungulira" kwayenda mtunda wautali kuposa "kubulungira", komwe kunakhalabe pa zinthu zogwirika. Njira yozungulira ndi yaitali, ngakhale ilibe mkombero uliwonse. Wolankhula mozungulira akuzemba mfundo. Chizungulire ndi cha wodwala, pamene kunena kuti munthu wazungulira mutu ndi mawu olemera, osayenera kuwauza wamkulu. Nawonso "maround" amene amayi amasonkherana kuno, ndalama n'kumapita kwa mmodzimmodzi mpaka onse atalandira, kumudzi ku Malawi amati chipereganyu, dzina loonetsa kuperekana, osati kuzungulira kwa ndalamazo.

Liwu lakuti "bwalo" lokha lisakupusitseni. Pa Gule Wamkulu anthu amaimadi mozungulira, gule n'kumavinidwa pakati, koma bwalo ndi malo otseguka okumanirapo. Bwalo la mpira la Rufaro, pomwe amaseweretsa mpira wobulungira, lili ndi makona anayi, ndipo bwalo la milandu lamasiku ano ndi nyumba ya mabenchi.