Stokvel ya zakudya ku Joni: mafunso ndi mayankho

Mipopi ikauma kapena mphekesera za zipolowe zikamveka, m'magulu athu a WhatsApp mumabwera mafunso omwewo: tisunge chiyani, tisunga pati m'kachipinda ka lendi, nanga ndalama yake ichokera kuti? Eni dziko kuno ali ndi njira yawo yakale yotchedwa stokvel, yofanana ndi chipereganyu cha kwathu, ndipo ingatithandize tikaikonza pang'ono.

Kodi stokvel ya zakudya imayenda bwanji?

Anthu odziwana amasonkha ndalama yofanana mwezi ndi mwezi, kawirikawiri kuyambira Januwale mpaka Novembala. Ndalamayo sagawana. Disembala akayandikira amakapikula katundu ku masitolo akuluakulu monga Makro, n'kugawana mofanana.

Ine pamenepa ndimatsutsa. Kugula kamodzi pachaka n'kwa Khirisimasi, si kokonzekera mavuto. Boma linatseka dziko chifukwa cha Covid-19 pa 27 Marichi 2020, maganyu n'kuima tsiku lomwelo. Zipolowe zomwe zinabuka mtsogoleri wakale wa dziko lino Jacob Zuma atatsekeredwa m'ndende zinachitika mu Julayi 2021: masitolo a ku Soweto ndi Alexandra anathyoledwa, ndipo ku Gauteng ndi KwaZulu-Natal kunafa anthu oposa 300. Pa nthawi ziwiri zonsezi ufa wa Disembala unali utatha kalekale. Gulu lanu ligwirizane zogula katatu pachaka.

Pali malamulo otani?

Lembani malamulo anu papepala, aliyense asayine: tsiku losonkha, chindapusa cha wochedwa, ndi zomwe mudzachite wina akachotsedwa ntchito kapena akabwerera kumudzi pakati pa chaka. Mfundo yomalizayi ndi imene imadanitsa anthu, musailumphe. Ndalama isagone kwa msungichuma. Mabanki ali ndi maakaunti a magulu, osayinira amakhala awiri kapena atatu, ndipo malinga ndi FICA, lamulo lokakamiza mabanki kudziwa bwino makasitomala awo, amafuna chiphaso ndi umboni wa komwe mukukhala. Sankhani osayinira omwe mapepala awo ali bwino.

Wina akakuitanirani ku stokvel ya anthu osawadziwa, n'kulonjeza kuti ndalama yanu ibereka kawiri mukabweretsa anzanu, thawani. Imeneyo ndi mbava.

Tigule chiyani?

Yambani ndi zakudya zomwe boma silidulapo msonkho wa VAT wa 15 peresenti: ufa, mpunga, nyemba zouma, chimanga chokonola cha samp, mafuta ophikira ndi nsomba za pilchards za m'chitini. Mwayi wake, zonsezi sizifuna firiji. Onjezani mchere, shuga, masamba a tiyi, sopo ndi machesi. Nyama yodzaza mufiriji si nkhokwe, magetsi akazima masiku awiri mudzaitaya.

Chipinda n'chimodzi, tiika pati?

Pansi pa bedi. Gulani ndowa za malita 20 zokhala ndi chivindikiro chothina, muthiremo ufa ndi nyemba, makoswe ndi chinyontho zisafikeko. Thumba la ufa lisakhale pasimenti. Lembani mwezi wogula pa chivindikiro ndipo muzidya zakale poyamba, apo ayi mudzatsegula n'kupeza anankafumbwe akudyerani. Nthawi zonse pazikhala zotsala za masabata awiri kapena atatu, zimenezo n'zokwanira pa mavuto.

Nanga madzi?

Apa ndiye pali nkhani, chifukwa njala ya tsiku limodzi munthu amapirira koma chimbudzi chopanda madzi m'nyumba ya anthu ambiri sichipiririka. Madzi a Johannesburg amachokera ku damu la Vaal. Kampani ya Rand Water imawayeretsa n'kuwapopa ndi magetsi, kenako kampani ya Johannesburg Water imawagawa m'madera. Magetsi akavuta pamalo opopera monga Eikenhof, ngati zinachitikira mu Marichi 2024, matanki akuluakulu amaphwa ndipo amatenga masiku kuti adzazenso. Okhala kumtunda, monga m'madera odalira matanki a Brixton, Hursthill ndi Crosby, ndi omwe amayamba kuuma, n'kukhalanso omaliza kulandira.

Mabungwe othandiza pa ngozi amawerengera malita 15 pa munthu patsiku, akumwa, ophikira ndi osamba. Banja la anthu anayi ndiye kuti zigubu zitatu za malita 20 tsiku lililonse. Ambirife malo otero tilibe, choncho siyanitsani: zigubu ziwiri zotsekedwa zikhale za kumwa ndi kuphikira basi, ndipo madzi ochapira muzisunga othira m'chimbudzi. Galimoto ya madzi ikabwera, chotungira chanu chikhale chotsuka kale, pamzere paja palibe wobwereka mnzake chigubu.

Madzi okayikitsa muwawiritse, kapena thirani supuni yaing'ono imodzi ya Jik wopanda fungo lowonjezera mu malita 25, mudikire maola osachepera awiri. Kolera si ya kumudzi kokha. Inapha anthu ku Hammanskraal, kumpoto kwa Pretoria, mu 2023.

Magetsi akazima tiphikira chiyani?

Kuzimitsa magetsi mosinthana kwa Eskom, kampani ya magetsi ya boma, kunachepa kwambiri kuyambira mu Marichi 2024, koma kuba mawaya ndi kupsa kwa mathiransifoma kukuzimitsabe madera. Kasitovu ka gasi n'kabwino kuposa ka parafini, ndipo nyali yotchaja ndi yabwino kuposa kandulo. Mbaula ya makala isalowe m'chipinda chotseka ngakhale kuzizire bwanji mu Juni: mpweya wake ulibe fungo ndipo umapha munthu ali m'tulo.

Ndalama ndi mapepala?

Sungani ndalama pang'ono m'manja, zamapepala ang'onoang'ono, chifukwa netiweki ikagwa makina a khadi sagwira ntchito. Pasipoti, pemiti, khadi la kuchipatala ndi zikalata za ana zikhale m'pepala lapulasitiki, m'chikwama chimodzi pafupi ndi khomo. Moto wa nyumba ya Usindiso ku Marshalltown pa 31 Ogasiti 2023 unapha anthu oposa 70, kuphatikizapo Amalawi anzathu, ndipo ambiri opulumuka anatuluka opanda chikalata chilichonse. Jambulani zonse pa foni, mutumize kwa m'bale wodalirika kumudzi. Amene mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, a shuga, a BP kapena ma ARV, musadikire botolo lithe. Nambala ya ngozi pa foni ya m'manja ndi 112, ya apolisi 10111, ya ambulansi 10177.